Mwana wa Woimba Woyendayenda

Mwezi uno tili ndi buku la ana la m'Cingelezi, Adam of the Road, lolembedwa ndi Elizabeth Janet Gray. Linatuluka mu 1942, ndipo caka cotsatira linalandira mphotho ya Newbery ku America.

Nkhani yake icitika ku England mu 1294. Adam, mnyamata wa zaka 11, acoka pa sukulu ya amonke ku St Albans natsata atate ake, Roger, woimba woyendayenda. Anthu otere cakudya cao cinali pakamwa pao: ankaimba ndi kusimba nthano m'nyumba za mafumu, m'misika ndi mogona alendo, pakuti mabuku anali olembedwa pamanja ndipo odziwa kuwerenga anali owerengeka.

Ana adzakonda Nick, galu wa Adam. Ine amene anandigwira mtima ndi Roger. Ndi tate wacikondi ndi waluso, komabe usiku umodzi adyedwa pa njuga ndalama zake pamodzi ndi Bayard, kavalo amene anangopatsidwa kumene monga mphatso. Wopambanayo, woimba mnzake Jankin, apundula kavaloyo, ndipo pambuyo pake aba Nick. Pothamangitsa mbalayo, Adam adziponya mu mtsinje wa Wey, nasiyana ndi atate ake kwa miyezi yambiri.

Powerenga ndi ana madzulo, musapadumphe pa njugapo. Afunseni kumene tsoka la Adam linayambira. Kwathu wamng'ono anayankha msanga kuti kwa Jankin. Mkulu wake anayamba wakhala cete, kenaka anafunsa ngati Roger anapepesa mwana wake.