Foni ya mwana, laputopu ya boma ndi mayeso a Fomu 3

Chaka cha sukulu kuno ku Botswana chimayamba mu Januwale, osati mu Sepitembala monga zilili kwathu ku Malawi, ndipo m'masiku oyambirira ana amabwera kunyumba ndi kalata ya malamulo yoti kholo lisaine. Ambiri mwa ife Amalawi okhala ku Broadhurst, Old Naledi, Tlokweng ndi Mogoditshane timathamangira kuona za yunifolomu ndi tsiku lolipira fizi, kenaka n'kusaina. Ndime yonena za foni ya m'manja timailumpha, chonsecho ndi yomweyo imene imadzatiitanitsa ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu pakati pa teremu yachiwiri.

Tiyambe ndi chimene chili pachiswe. Mwana akamaliza Sitandade 7 amalowa sekondale yaing'ono ya zaka 3, ndipo kumapeto kwa Fomu 3 amalemba mayeso a JCE okonzedwa ndi bungwe la Botswana Examinations Council. Mayeso amenewa ndiwo amagamula ngati mwana apeze malo a Fomu 4 ku Gaborone Senior, ku Naledi, ku Ledumang kapena ku St Joseph's College ku Kgale, kapena atsale pakhomo akadali wa zaka 16. Kwa mwana wa mlendo kugwa kwake n'kowawa kawiri. Boma linabwezeretsa fizi m'masekondale mu 2006, ndipo obwerafe timalipira yochuluka kuposa eni dziko. Thandizo la boma lolipirira maphunziro a ukachenjede ndi la nzika. Mwana wathu akalephera JCE, chotsala ndi sukulu ya pulaiveti, imene ambiri sitingaifikire, kapena kumukweza basi kupita kwa agogo ake ku Ntcheu kuti akayambe silabasi ina chaka chili pakati.

Palinso kanthu kamene kamatisokoneza ife amene tinalemba MSCE. Kwathu mapointi ochepa ndiwo nzeru, wopeza 6 ndiye katswiri. Kuno zili mosemphana. Pa BGCSE, mayeso a kumapeto kwa Fomu 5, amawerengera maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino koposa, ndipo pamwamba penipeni ndi 48. Giredi C ndi mapointi 6, choncho ma C okhaokha amapereka 36, malire amene boma lakhala likugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri posankha ana oti liwalipirire. Ndinamvapo bambo wina pa chinkhoswe akunyadira kuti mwana wake wapeza mapointi 20 okha. Anthu anangoyang'anana. Ndipo amene akufuna kuti mwana akalowe yunivesite ya boma ku Malawi asaiwale kuti bungwe la NCHE limafuna makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi.

Nanga foni ikulowa pati? Mu 2022 boma la Mokgweetsi Masisi linayamba kugawa malaputopu kwa ophunzira ndi aphunzitsi a m'masekondale akuluakulu. Masukulu ambiri a boma salola foni m'kalasi, koma aphunzitsi ena a masukulu omwewo amatumiza ntchito yokalembera kunyumba pa gulu la WhatsApp. Mwana wochenjera amakuona msanga kusemphana kumeneku ndipo amakugwiritsa ntchito ngati loya wa m'khoti. "Amayi, ndi za kusukulu." Mayi amene wangoweruka kumene shifiti ya usiku kuchipatala alibe mphamvu zotsutsira.

Ine sindiona kusemphana kwenikweni, ndipo pa nkhaniyi ndili kumbali ya aphunzitsi. Laputopu imatsegulidwa pamene mphunzitsi wanena, ndipo chimene chili pagalasi lake wodutsa aliyense amachiona. Foni siidikira kutsegulidwa. Imanjenjemera m'thumba ndi kumuitana mwana yokha. Lipoti la bungwe la UNESCO la 2023 lonena za luso lamakono m'maphunziro linati pafupifupi dziko limodzi mwa mayiko 4 alionse linali litaika kale lamulo kapena ndondomeko yoletsa mafoni m'sukulu, ndipo linatchula kafukufuku woonetsa kuti wophunzira akasokonezedwa angathe kutenga mphindi 20 kuti maganizo ake abwerere pa phunziro. Ngati phunzirolo ndi la mphindi 40, theka lapita chifukwa cha uthenga umodzi. Dziko la France linaletsa mafoni m'masukulu a ana aang'ono ndi a sekondale yoyambirira mu 2018, la Netherlands linawachotsa m'makalasi a sekondale mu Januwale 2024. Amenewa si mayiko osowa intaneti kapena oopa chitukuko. Lipoti lomwelo silinanene kuti makina atayidwe, linati agwire ntchito pokhapo pamene akuthandizadi kuphunzira.

Dandaulo limodzi la makolo ndimalimvetsa. Mtsikana wokwera kombi kuchokera ku Mogoditshane kukacha ndi kubwerera kuli chisisira ayenera kukhala ndi njira yoimbira kwawo. Koma ntchito imeneyo kafoni ka mabatani, kamene anzathu kuno amakatcha sedilame, kamaigwira bwino lomwe, ndipo akuba sakasirira kwenikweni.

Vuto lalikulu, mwa kuona kwanga, lili kunyumba, pa maola amene lamulo la sukulu silifika. Taonani mtundu wa bandulo imene mumamugulira mwana. Makampani a mafoni amagulitsa motchipa mabandulo otsegula WhatsApp ndi Facebook, pamene bandulo yotsegula intaneti yonse imadula. Kholo losunga thebe iliyonse limagula yotchipayo ndi kunena kuti ndi ya sukulu. Koma bandulo imeneyo siitsegula tsamba la mabuku kapena la mafunso a mayeso akale. Mwagula macheza, mwana wathokoza, ndipo nonse awiri mukukhulupirira kuti mwalipirira maphunziro. Ndi bwino kugula yodulayo kamodzi pa sabata, mwana n'kutsitsa zimene akufuna inu muli pomwepo, kusiyana ndi kumwaza ndalama tsiku ndi tsiku.

Kenaka pali tulo. Mwana amene wazimitsa foni 1 koloko ya usiku ndi kudzuka 5 koloko kuti apeze kombi amakafika m'kalasi ya masamu thupi lokha. Mabanja amene ndawaona akupambana pa nkhondoyi sanachite zodabwitsa: ikakwana 9 koloko, foni ikagona pa chaja m'chipinda cha makolo. Chovuta chake n'chakuti lamulo lotere silikhalitsa ngati bambo mwini wake ali pa kanema wa mpira mpaka pakati pa usiku. Mwana wa Fomu 2 amamva ndi maso.

Ana auzidwenso kuti foni ili ndi milandu yake. Lamulo la Botswana la 2018 lokhudza milandu ya pa makompyuta limaletsa kuzunza munthu kudzera m'mauthenga ndiponso kufalitsa zithunzi zamaliseche za munthu wina. Mnyamata wongotumiza kwa anzake chithunzi chimene walandira amaganiza kuti ndi nthabwala, koma banja lokhala m'dziko la eni ndi pemiti silingaupeputse mlandu wa kupolisi. Chimodzimodzi mapepala a mayeso oyenda pa WhatsApp. Kwathu, mu Novembala 2020, mayeso a MSCE anathetsedwa atabedwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa, anakalembanso mu Januwale 2021. Kunonso mayeso a BGCSE anaimitsidwa kwa kanthawi mu Okotobala 2023 pa chifukwa chonga chomwecho. Wotumiza pepala amasowa, wopezeka nalo m'foni ndi mwana wanu.

Za ChatGPT, imene inatuluka kumapeto kwa 2022, ndingonena mwachidule. Maphunziro monga zaulimi ali ndi pulojekiti imene imawerengedwa pa malikisi omaliza, ndipo chiyeso cholembetsa makina n'chachikulu. Simufunika digiri kuti mudziwe ngati ntchitoyo ndi ya mwana wanu. Muuzeni atseke laputopu ndi kukufotokozerani m'Chichewa zimene walemba. Akakakamira pa chiganizo choyamba, mwadziwa.

Misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi kuno kawirikawiri imayenda m'Chitswana, ndipo n'chifukwa chake ambiri mwa ife timajomba, kapena timakhala kumbuyo n'kutuluka osamva kanthu. Khalani pafupi ndi kholo lina loti likumasulireni, kapena imikani dzanja mupemphe kuti mfundo zikuluzikulu azibwereze m'Chingerezi, aphunzitsi sakana. Funsani kuti foni yolandidwa imasungidwa ndi ndani ndipo imabwezedwa liti. Funsani kuti gulu la WhatsApp lovomerezeka la kalasi ndi liti, ndipo pemphani kuti nambala yolembedwamo ikhale yanu, osati ya mwana. Amene ana awo ali ku Fomu 4 afunsenso kuti laputopu ikasweka kapena kubedwa m'kombi, wolipira ndi ndani, ndipo ndi mapula angati.