Katemera Sakumba Ngalande

Mu Januwale 2024 ndinali ndi coko m'thumba koma ndinalibe ana owaphunzitsa. Masukulu anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale. Cifukwa ca kolera, boma linasuntha tsikulo mpaka pa 29, kenaka mpaka pa 12 Febuluwale. Masabata asanu anapita m'madzi. Ku Heroes Stadium, kumene ife a mu Chaisa timafika ndi miyendo, kunalibe mpira. Kunali mabedi ndi madiripi. Mliri umenewo unapha anthu oposa 700 m'dziko muno.

Pa nthawiyo dziko lonse linatidziwa. Atolankhani akunja anabwera ndi makamera. A WHO, UNICEF ndi Gavi anathandiza kubweretsa katemera wakumwa woposa miliyoni imodzi. Sindinyoza zimenezi. Inenso ndinamwa, ndipo ndinauza ana a m'kalasi mwanga kuti amwe. Koma anzanga, katemera sakumba ngalande. Mphamvu yake imatha pakapita nthawi, pomwe cimbudzi cokumba cikali pafupi ndi citsime.

Vuto lili pansi pa mapazi athu. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa miyala yokhala ndi ming'alu, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Mvula ikagwa, za m'cimbudzi zimalowa m'citsime, za m'citsime zimalowa m'kapu ya mwana. Izi zinadziwika kalekale. Mu 2017 ndi 2018 kolera inavuta ku Chipata ndi ku Kanyama, asilikali anacotsa ogulitsa m'misewu, ndipo bwalo lomweli linasanduka cipatala. Boma linalemba pulani yothetsa kolera pofika 2025. Nanga mu 2024 tinabwereranso bwanji pa mabedi omwewo?

Ena amati a mu komboni ndife auve. Ndimakana. Mayi amene amagula madzi pa kiyosiki, cigubu cimodzicimodzi, amadziwa bwino kusamba m'manja. Cimene alibe ndi mpopi pakhomo. Kumuphunzitsa ukhondo ndi cipepala ca pa khoma n'kumunyoza.

Komanso cifundo ca alendo cili ndi nyengo yake. Mu Meyi 2025 kazembe wa America analengeza kuti dziko lake lidula madola 50 miliyoni a mankhwala pa caka, cifukwa ca kubedwa kwa mankhwala m'dziko lathu. Akubawo si alendo. Ndi athu, ndipo amene amabwerako cimanjamanja ku kiliniki ndi ambuya anu.

Tsono tisadikire kamera. Mu 2024 ndalama za CDF zinafika K30.6 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse, kuphatikizapo Mandevu yathu. Ward Development Committee ikaitana msonkhano, pitani. Funsani a kansala kuti ndi zingati zapita ku mipopi, ku zimbudzi zosadontha ndi ku ngalande, ndipo lembani yankho lawo pamodzi ndi tsiku. Mufunse mu Juni kukali kouma, cifukwa mu Januwale timakhala tili ku maliro.