LAMYA YA M'MANJA ISEKETSE, ISALIRITSE

Aliyense amene amadziwa msika wa Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, angavomereze kuti lamya ya m'manja yabweretsa pakati pa anthu makhalidwe atsopano, ndipo ena mwa makhalidwewo ndi oseketsa ndithu. Kuseka sikulakwa. Chofunika n'chakuti anthu aziseka ali tcheru, chifukwa kachipangizo kameneka masiku ano kamanyamula malipiro a mwezi wathunthu.

Pamene fakitale ya shuga ya Dwangwa inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1979, wodula nzimbe wochokera kutali ankalemba kalata ndi kudikira yankho kwa milungu ingapo. Ndalama ankazitumiza kupositi, apo ayi ankapatsira mnzake wopita kumudzi. Uthenga wa maliro unkafika pa telegalamu kapena pa wailesi ya MBC. Zinthu zinayamba kusintha kampani ya TNM itayamba ntchito m'chaka cha 1995, n'kutsatidwa ndi Celtel mu 1999, imene kuyambira mu 2010 ikutchedwa Airtel. Mu 2012 kunabwera Airtel Money, ndipo mu 2013 TNM inayambitsa Mpamba. Kuyambira pamenepo lamya inasanduka thumba la ndalama.

Anthu a m'mphepete mwa nyanja sanadikire kuti wina awaphunzitse. Poona kuti mayunitsi ndi okwera mtengo, iwo anatengera nzeru yoliza lamya ya mnzawo kamodzi ndi kudula asanayankhe, zimene zimatchedwa kuflasha kapena kubipa. Mchitidwewu uli ndi malamulo ake osalembedwa. Kuliza kamodzi kungatanthauze kuti munthu wafika bwino pa ulendo wake. Kuliza kangapo motsatizana n'kupempha kuti amuimbire. Amene amaimba ndi iye amene akuoneka kuti ali ndi ndalama, motero mnyamata amene angaflashe chibwenzi chake amasekedwa ndi anzake onse. Mchitidwewu uliponso m'maiko ena, moti m'chaka cha 2007 wofufuza wina, Jonathan Donner, analemba za malamulo omwewa atacheza ndi anthu a ku Rwanda.

Zoseketsa zina zilipo zambiri. Msodzi amene saopa mwera amakulunga lamya yake m'mapepala a pulasitiki awiri asanakwere bwato, ndipo akatsika amayamba wafunsa mtengo wa usipa ku Kasungu kapena ku Lilongwe asanayankhule ndi wogula. Kumidzi ya kumtunda munthu wolemekezeka amapezeka ataima pamwamba pa chulu, dzanja lili m'mwamba, kufunafuna netiweki. Agogo amafuula polankhula ndi mdzukulu wawo wa ku Johannesburg, poganiza kuti mtunda wotalika ufunika mawu okweza. M'magulu a pa WhatsApp okonzera za chitukuko cha mudzi simulephera kupezeka mmodzi amene ntchito yake ndi kutumiza zithunzi za maluwa m'mawa uliwonse, osasonkhako ngakhale tambala. Zonsezi zikuonetsa kuti aMalawi achilandira chipangizochi ndi kuchiweta monga mwa moyo wawo, ndipo n'zonyaditsa.

Koma pali uthenga wina umene anthu amauseka pa msika pamene ena ukuwaliza m'nyumba. Uthengawo umafika kuchokera kwa munthu wosadziwika, n'kumati ndalama ija itumizidwe pa nambala ina chifukwa nambala yakale yavuta. Umafika ngakhale kwa munthu amene alibe ngongole ndi wina aliyense, n'chifukwa chake ambiri amangouseka. Wakubayo amatumiza uthenga umodzimodziwo kwa anthu ochuluka zedi, podziwa kuti pakati pawo sipalephera mmodzi amene tsiku lomwelo anagwirizanadi ndi mwininyumba kapena wogulitsa mpunga kuti amutumizira ndalama. Mmodziyo ndiye amagwa m'mbuna.

Njira zina n'zofanana ndi imeneyi. Wina amaimba modzichepetsa kuti watumiza ndalama molakwitsa ndipo akupempha kuti amubwezere, pamene uthenga wosonyeza kuti ndalamazo zalowa waulemba yekha. Wina amadzitcha wogwira ntchito ku kampani ya lamya, n'kuuza munthu kuti wapata mphoto pa mpikisano umene sanalowe nkomwe, ndipo kuti alandire ayenera kutchula nambala yake ya chinsinsi. Winanso amati mwana wadwala mwadzidzidzi kusukulu. Apolisi ndi bungwe la MACRA akhala akunena poyera kuti ena mwa mauthengawa amachokera kwa akaidi a m'ndende ya Zomba. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ku Dwangwa nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa ntchito yodula nzimbe ndi ya nyengo. Wogwira ntchito yotere amawerengera malipiro a miyezi yochepa kuti agule feteleza, alipire sukulu ya ana ndi kufolera nyumba. Akaberedwa kamodzi, banja lonse kumudzi limagona ndi njala. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri oberedwa amakhala chete poopa kusekedwa, ndipo kukhala chete kumeneko ndiko kumanenepetsa mbala.

Malamulo alipo. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loona za malonda ndi chitetezo pa makina a intaneti, ndipo mu 2018 MACRA inalamula kuti nambala iliyonse ya lamya ilembetsedwe m'dzina la mwiniwake. Komabe lamulo silingaime pambali pa munthu pamene lamya yake ikulira usiku. Ndiponso kulembetsako kumataya mphamvu ngati anthu abwereketsa ziphaso zawo za unzika kuti ena alembetsere manambala.

Choncho ndi udindo wa atsogoleri a m'madera, mafumu, aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi a zausodzi, pamodzi ndi onse ogwira ntchito m'Boma, kuphunzitsa anthu mfundo zitatu pa msonkhano uliwonse. Yoyamba, nambala ya chinsinsi siuzidwa kwa munthu aliyense, ngakhale wodzitcha bwana wa kampani. Yachiwiri, munthu asanatumize ndalama aimbe pa nambala imene amaidziwa kale ndi kumva mawu a mwiniwake. Yachitatu, woberedwa akanene msanga kupolisi ndi ku kampani ya lamya, ndipo anzake amuthandize m'malo momunyoza.

Atsogoleri enieniwo akhale chitsanzo, pakuti ophunzira ndi a maudindo nawonso anapusitsidwapo. Safunsa anadya phula. Anthu amene anatha kusandutsa kulira kwa lamya kukhala chilankhulo ali ndi nzeru zokwanira zozindikirira mbala, akangouzidwa bwino ndiponso nthawi isanathe.