Pagolo si dzala lotayirapo amene sadziwa mpira

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi mkangano, ndipo wokhumudwa akhumudwe. Ife Amalawi timati timakonda mpira, koma chimene timakonda kwenikweni ndi chigoli. Wogoletsa timamunyamula m'mwamba, timamupekera nyimbo, dzina lake timalilemba pa minibasi ndi pa kabaza. Woletsa chigoli timamukumbukira tsiku limene walakwitsa basi. Khalidwe limeneli likupha luso la ana m'mabwalo a kumudzi, kuyambira ku Lupembe ku Karonga mpaka kukafika ku Nsanje, ndipo tikamalira kuti matimu athu akuchinyidwa zigoli zachibwana tizidziwa kuti mbewu yake timadzala tokha.

Kuti mundimvetse, tiyambe tapita kutali, ku masewero amene ambiri a ife timangowaona m'mafilimu. Ku America kuli mpira wawo uja wosongoka mbali zonse ziwiri, wosewera atavala zipewa zolimba. Timu ikagwira mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthire kutsogolo mayadi 10, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono. Ikalephera katatu, nthawi zambiri sichita makani. Imaitana munthu mmodzi amene wakhala akudikira kunja kwa bwalo, wotchedwa punter. Iyeyu amaima kumbuyo kwa anzake pafupifupi mayadi 15, kulandira mpira, kuuponya pansi ndi kuumenya ndi phazi usanagunde nthaka. Mpirawo uyenera kupita kutali ndiponso m'mwamba, uchedwe kutsika kwa masekondi anayi kapena asanu, kuti anzake athamange akafike pamene ukagwere, adani ayambire kutali ndi golo. Akatero amatuluka. Pa masewero onse akhoza kulowa kanayi kapena kasanu kokha. Kugoletsa si ntchito yake, ndipo akamalowa m'bwalo masapota a timu yake amakhala atakwiya kale chifukwa kulowa kwakeko ndi umboni woti anzake alephera.

Ligi yaikulu ya kumeneko, NFL, ili ndi matimu 32, ndipo timu iliyonse imasunga punter mmodzi. Ndiye kuti m'dziko lonse lija mipando ya ntchito imeneyi pa ligi yapamwamba ndi 32 yokha. Wotchuka pa onse anali Ray Guy. Timu ya Oakland Raiders inamutenga mu 1973 pa ndime yoyamba yosankha osewera ochokera m'makoleji, chinthu chimene chinali chisanachitikepo kwa punter. Anasewera zaka 14 mpaka 1986 osajombako masewero ndi amodzi omwe, ndipo anatenga nawo chikho cha Super Bowl katatu. Mu 1976 anamenya mpira mpaka unakagunda kanema wamkulu wolendewera kudenga la bwalo la Superdome ku New Orleans. Koma nawo Aamerika anali ndi matenda athu omwewa. Kuti dzina lake lilowe m'nyumba yolemekezeramo akatswiri, Hall of Fame, panapita zaka 28 chisiyireni kusewera. Analowa mu 2014, punter woyamba kulandira ulemu umenewu, ndipo anamwalira mu 2022.

Tsono pamene tikusiyana nawo ndi apa. Iwo anachedwa kumuombera m'manja, koma ntchito yake sanaitenge ngati ya aliyense. Amamulipira, amamupatsa mphunzitsi, amayeza kutalika kwa mpira uliwonse umene wamenya ndi nthawi imene wakhala m'mwamba. Kuyambira mu 2000 punter wopambana m'makoleji amalandira mphotho ya dzina la Ray Guy. Ku Australia anthu ena anaona kuti anyamata awo amakula akumenya mpira kuchokera m'manja m'masewero a kwawo, ndipo mu 2007 Nathan Chapman anatsegula sukulu ya Prokick Australia yophunzitsa luso limeneli lokha. Anyamata ambiri a pa sukuluyi apeza maphunziro m'makoleji a ku America chifukwa cha mwendo wawo, ndipo ena monga Michael Dickson wa Seattle Seahawks afika mu NFL. Kumenya mpira kutali, chinthu chimene ife timangoti ndi mphamvu za nsima, anzathu anachisandutsa phunziro.

Punter wathu ife ndi goloboyi. Ndiye tiyeni tinene chilungamo, goloboyi timamupeza bwanji? Ana akamagawana matimu a mpira wachikulunga, mwini mpira amasewera kutsogolo, anzake a pamtima pakati, ndipo wotsala, wonenepa, wamng'ono kapena wobwera mochedwa amauzidwa kuti “iwe pita pagolo”. Mwana amaphunzira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri kuti pagolo ndi chilango. Akakula n'kulowa timu ya sukulu kapena ya m'mudzi, zinthu sizisintha. Anzake akamaphunzitsidwa kupatsirana, iye amangoima kudikira kuti kumapeto amuyeserepo mashoti. Palibe womuuza pomwe ayime kona ikamamenyedwa, momwe agwere kuti asathyoke phewa, nthawi yotuluka ndi nthawi yokhala pamzere. Mpaka lero m'mabwalo ambiri a kumudzi mpira ukatuluka kumbuyo amabwera kudzaumenya ndi wotchinga kumbuyo, ati goloboyi alibe mwendo. Mwendowo akanautenga kuti, poti palibe anamuphunzitsa? Chonsecho malamulo anasintha kalekale. Kuyambira mu 1992 goloboyi saloledwa kugwira ndi manja mpira umene mnzake wamubwezera dala ndi phazi, kutanthauza kuti kwa zaka zoposa 30 tsopano goloboyi wosadziwa kusewera ndi mapazi ndi ngozi ku timu yake.

Ndatchula Lupembe mwadala. Amene munayendapo pa msewu wa M1 chakumwera kwa boma la Karonga mukudziwa mmene dzuwa limawombera kumeneko. Nthawi ya chilimwe bwalo la mpira limauma gwa ngati chiwundo cha njerwa. Wosewera kutsogolo akhoza kutha masewero onse osagwa pansi, pamene goloboyi ntchito yake ndi kudzigwetsa dala pa nthaka imeneyo, mobwerezabwereza, nthawi zambiri wopanda magolovesi, zigongono ndi m'chiuno zili pamtunda. Akachoka pamenepo ali mabala okhaokha, kodi alandira chiyani? Taonani mabonanza amene amachuluka chisankho chikayandikira. Envulopu ya wogoletsa zigoli zambiri siyisowa. Ya goloboyi ikapezeka imakhala yopyapyala, yongochotsera manyazi. Timu ikapambana 1-0, wonyamulidwa ndi amene wagoletsa kamodziko, ndipo amene waletsa zisanu amatola yekha masilipasi ake kuseri kwa golo. Ikagonja, mlandu wonse ndi wake: wagulidwa, waledzera, amutchera mankhwala. Mwana wanzeru akaona zimenezi angasankhe pagolo chifukwa chiyani?

Ena muti mpira ndi zigoli, anthu amalipira pageti kudzaona ukonde ukugwedezeka. Chabwino, tiyeni tiwerenge limodzi. Mu January 2022 ku Cameroon ma Flames anadutsa ndime ya m'magulu ya Africa Cup of Nations koyamba m'mbiri yathu. Tonse timakumbukira zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango pogonjetsa Zimbabwe 2-1, ndi chija anachinya Morocco ali kutali. Zinali zokoma, palibe angakane. Koma tinadutsa ndi mapointi anayi, ndipo yachinayiyo inachokera pa 0-0 ndi Senegal, timu ya Sadio Mané imene inakatenga chikhocho. Tsiku limenelo palibe Mmalawi anagoletsa. Pointiyo anaigwira ndi Charles Thom pagolo pamodzi ndi otchinga kumbuyo ake. Mu 2010 ku Angola tinaswa Algeria 3-0. Funsani pa bawo kapena pa depoti, akutchulirani Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda mosajejema. Ziro uja wa Algeria ndi wa Swadick Sanudi, koma ndi angati amamuwerengera ngati gawo la chipambanocho?

Senegal yomweyo ili ndi phunziro lina. Édouard Mendy mu 2014 analibe timu, anali pa mndandanda wa anthu osowa ntchito ku France ali ndi zaka 22. Mu 2021 anatenga Champions League ndi Chelsea. Pa fainolo ya ku Cameroon ndi Egypt, Mané anaphonya penate masewero atangoyamba. Pa mapenate a kumapeto Mendy anagwira imodzi, ndipo ndi pamene Mané anapeza mpata womenya yomaliza ija imene dziko lonse limaikumbukira. Mukandiuza kuti tsankho limeneli lili paliponse, ndivomera. Chiyambireni mphotho ya Ballon d'Or, goloboyi amene anaitenga ndi mmodzi yekha, Lev Yashin, mu 1963. Koma anzathuwo tsankho lawo limathera pa mphotho. Lathu limayambira pa maphunziro, ndipo m'mera mpoyamba.

Ena muti tilibe ndalama, timu ya kumudzi ikulephera kugula mpira weniweni ndiye ikalembe mphunzitsi wa magoloboyi? Mfundo imeneyi ndi yoona theka. Magolovesi amafuna ndalama, inde. Koma kupatula mphindi makumi awiri tsiku lililonse la maphunziro kuti goloboyi aphunzire kugwira, kugwa ndi kumenya mpira sikufuna ngakhale tambala. Ku Lupembe nyanja ili pafupi, mchenga ndi waulere, ndipo palibe malo abwino ophunzirira kudzigwetsa oposa pamchenga. Phungu kapena wamalonda amene akutha kuika chikho ndi maenvulopu patebulo sangalephere magolovesi awiri pa timu iliyonse. Vuto lagona m'mitu mwathu, mmene tinagamula kale kuti ntchito imeneyi ndi ya otsalira.

Sindikunena kuti anyamata a ku Karonga ayambe kulota za NFL ayi. Mipando 32 ija ili ndi eni ake. Ndikunena zinthu zing'onozing'ono zotheka mawa lomwe. Okonza mabonanza, envulopu ya goloboyi ifanane ndi ya wogoletsa, ndipo mulengeze zimenezi mpikisano usanayambe kuti ana amve. Aphunzitsi a masewero m'sukulu za pulayimale, ana azisinthana pagolo mpaka muone amene ali ndi maso, manja ndi mtima wake, musamangokankhirako wofooka. A FAM ndi makomiti a mpira m'maboma, maphunziro a aphunzitsi a magoloboyi afike ku Karonga, ku Chitipa ndi ku Nsanje, chifukwa timu ngati Karonga United iyenera kumapeza goloboyi wokonzeka m'midzi yoizungulira. Owulutsa mpira pa wailesi, mukamakuwa dzina la wogoletsa mpaka mawu kusasa, sungani mpweya wina wa amene waletsa.

Ndipo ife olemba tisadzichotsemo. Tili ndi ndakatulo zingati m'gulu lino zotamanda ogoletsa, ndipo za goloboyi zilipo zingati? Achinyamata ambiri sadziwa n'komwe kuti dziko lino linali ndi magoloboyi monga Boniface Maganga ndi Donnex Gondwe, chifukwa ife amene timati ndife osunga mbiri sitinawalembe. Munthu amene amaima yekha kwa mphindi 90, wovala jezi yosiyana ndi anzake onse, wodziwa kuti kulakwitsa kamodzi kufufuta zabwino khumi, ameneyo ndi mutu wa nkhani wokwanira buku lathunthu. Ray Guy anadikira zaka 28, koma analandira ulemu wake ali moyo. Athuwa ena akukalamba, ena anapita kale, ndipo mwana amene lero akukankhidwira pagolo ku Lupembe akuona mmene tikuwachitira.

Amene mukutsutsa bwerani ndi mfundo, tikambirane. Koma musanalembe, tchulani kaye magoloboyi asanu a mu Super League ya chaka chino osafunsa foni.