Ndege ili na mbendela yathu, nanga mpando wa kutsogolo ni wa ndani?

Ukakhala ku Chelstone, ndege sizikusoŵa. Umazimva zikamatsikila pa Kenneth Kaunda International Airport, ndipo mwana aliyense wa kuno anakambapo tsiku lina kuti akakula adzakhala payiloti. Ena sanaleke kulota mpaka manje. Makolo amafika pogulitsa puloti kuti mwana akaphunzile ku ZASTI kapena ku South Africa. Nilembela imwe amene muli na maloto amenewo, cifukwa pali mkangano wa mapayiloti a ku America umene utikhudza ise kuno.

Kumeneko makampani aakulu monga Delta, United na American sayendetsa okha maulendo onse. Afupi-afupi amapatsa makampani ena monga SkyWest. Ndege ili na utoto wa kampani yaikulu, tikiti umagula ku kampani yaikulu, koma wokhala kutsogolo analembedwa nchito kwina, ndipo kwa zaka zambili malipilo ake anali ocititsa manyazi. Mu February 2009 ndege ya Colgan Air, imene inali kuuluka m'dzina la Continental, inagwa pafupi na Buffalo, anthu 50 anafa. Pofufuza, zinadziŵika kuti wothandiza kaputeni anali kulandila madola pafupifupi 16,000 cabe pa caka, ndipo anayenda usiku wonse kucokela ku Seattle kuti akafike pa nchito.

Ndiye cifukwa cake mayunioni monga ALPA amakakamila pa cimene amati scope clause. Ni pangano lolembedwa lakuti makampani aang'ono aja asayendetse ndege ya mipando yoposa 76 m'dzina la kampani yaikulu. Ikaposa pamenepo, ayendetse ni mapayiloti a kampani yaikulu, pa malipilo awo. Amadziŵa kuti popanda mpanda umenewo, abwana angasamutsile nchito yonse kumene ni kochipa.

Manje tiyang'ane kwathu. Funsani akulu-akulu ku Kabwata za Nkwazi, DC-10 ya Zambia Airways yakale imene inali kufika ku London na ku New York, mudzaona nkhope zawo zikuwala. Kampaniyo inatsekedwa mu December 1994 itamila m'nkhongole, ndipo makwelelo amene payiloti wa ku Zambia anali kukwelapo, kucoka pa kandege kang'ono mpaka pa cindege ca kutsidya la nyanja, anathyoka pamenepo.

Zambia Airways yatsopano inayamba kuuluka mu December 2021. IDC, kampani ya boma, ili na magawo 55 pa 100, Ethiopian Airlines ili na 45. Inayamba na ndege ya Q400 yocokela ku Ethiopian, kupita ku Ndola na ku Livingstone. Ku Malawi ni cimodzimodzi, boma 51, Ethiopian 49. Ukayang'ana pa mapu nkhani imaonekelatu: ma Boeing 787 na ma A350 ali ku Addis Ababa, ise ndife tumitsinje tothila madzi mu mtsinje waukulu. M'cinenelo ca a ku America, kampani yaing'ono ija ndife.

Sinikamba kuti ici n'coipa. A Ethiopian amaidziŵa nchito, ndipo ise tinayesako tekha, tinagwa. Komanso kuuluka kupita ku Mfuwe kapena ku Solwezi si nchito yocepa. Proflight, imene Tony Irwin, payiloti wakale wa Zambia Airways, anayambitsa mu 1991, yakhala zaka zoposa 30 pa maulendo a conco pamene Zambian Airways na Zambezi Airlines zinabwela n'kupita. Ngakhale scope clause ili na dyela lake: imateteza amene ali kale pamwamba kuposa mnyamata amene angoyamba.

Koma mfundo ya a yunioni ija ni yoona: cimene sicinalembedwe sicimacitika. Ndalama za IDC ni zathu, conco tili na ufulu wofunsa. Kodi ni acinyamata angati a ku Zambia amene ayenela kuphunzitsidwa caka ciliconse? Mtsikana wa ku Woodlands akakwanitsa maola ake pa Q400, kodi pali citseko coloŵela pa ndege yaikulu, kapena adzakalambila pa Lusaka–Ndola? Ndipo ndege yaikulu ikabwelekedwa, idzabwela na mapayiloti ake kwa miyezi ingati?

Mapayiloti kuno ni ocepa, ndipo olemba nchito ungawaŵelenge na zala za dzanja limodzi. Wodandaula lelo, maŵa alibe kopita. Sangacite sitalaka monga anzawo a ku America. Mafunso awa ayenela kufunsidwa na MP wanu ku Manda Hill, na atolankhani, na imwe amene mufuna kugulitsa puloti ya amayi ku Chelstone, musanasaine pepala.