Chitoliro chisatsale panja pa kalasi

Mphunzitsi aliyense amene anayendapo m'madambo a ku Tsangano kapena m'midzi yozungulira Furancungo ku Macanga anamvapo mnyamata woweta ng'ombe akuliza chitoliro. Bango anadula yekha, mabowo anaboola ndi waya wootcha pamoto, nyimbo anaiphunzira kwa mkulu wake. Koma mwana yemweyo akalowa m'kalasi, timamulandira ngati wabwera chimanjamanja. Ine ndikuti kumeneku n'kutaya chuma: chitoliro chiyenera kupatsidwa malo pophunzitsa m'chinenero cha makolo.

Chifukwa choyamba chili m'Chinyanja momwemo. Chinenero chathu chimasiyanitsa matanthauzo pokweza ndi kutsitsa mawu. Mtengo wa mango ndi mtengo wa mchere pamsika timalemba mofanana, koma khutu limamva kusiyana kwake. Mphunzitsi akaliza kukwera ndi kutsika kumeneku pachitoliro, ana amagwira msanga chimene choko sichingathe kuonetsa pabolodi. Ndipo poyeza bango, powerenga mabowo ndi pozindikira kuti lalitali limalira mawu aakulu pamene lalifupi limalira aang'ono, ana ayamba kale masamu ndi sayansi m'chinenero chimene amaganizira.

Chigawo chathu sichachilendo pa zimenezi. Kuno ku Tete ndi kumene Chinyanja chinayesedwa m'kalasi pa ntchito ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo ndondomeko ya maphunziro ya 2004 inapatula magawo 20 pa 100 a nthawi kuti tiziphunzitsa za m'dera lathu. Abale athu Anyungwe ali ndi gule wa nyanga, amene Andrew Tracey anamufotokoza m'chaka cha 1971. Woimba aliyense amagwira timabango tochepa, ndipo nyimbo imakwanira pokhapokha aliyense akalowa pa nthawi yake. Kodi si mwambo womwewo umene timafuna m'kalasi, wakumvetsera ndi kupatsana mpata?

Mliri wa Covid-19 unatiyesa. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020, maphunziro anapita pa wailesi ndi pa wailesi yakanema, zimene ana ambiri akumidzi sanazione. Koma kubusa zitoliro sizinaleke kulira. Titabwerera m'kalasi titavala zophimba kukamwa, nkhawa inali yomveka, pakuti chitoliro chimanyamula malovu ndi mpweya wa woimba. Yankho lake silinali kuchiletsa ayi. Mwana aliyense akhale ndi chake cholembedwa dzina, asabwerekane, ndipo aimbire panja, pansi pa mtengo, motalikirana. Apa bango limaposa chitoliro chogula kusitolo, chimene ana ambiri amachita kulandizana chifukwa cha kusowa ndalama. Lamulo limeneli tisalitaye, popeza chimfine ndi chifuwa chachikulu zikadali pakati pathu.

Ena amati nyimbo zimadya nthawi ya Chipwitikizi ndi mayeso. Nkhawa yawo ndikuimva. Komatu mwana amene wazolowera kutchera khutu, kusunga mpweya ndi kuima pamaso pa anzake mopanda manyazi savutika kwambiri kutchula mawu a chinenero chachiwiri. M'mera mpoyamba.

Tsono inu amene mukukonzekera uphunzitsi, mukafika pasukulu yanu funsani kuti ndani m'mudzimo amadziwa kupanga chitoliro. Muitaneni mwaulemu, aphunzitse ana m'Chinyanja, inu mukhale pambali ndi bango lanu m'manja n'kuphunzira nawo.