Msana wa mwana ukayamba kukhota, musadikire kukolola

Makolo anzanga a muno mu Kabwe, vuto la kupindika msana, lomwe madokotala amalicha scoliosis, timalicedwera tokha. Kawirikawiri limayamba mwana ali ndi zaka 10 mpaka 15, ndipo limakula msanga mwa atsikana. Poyamba silipweteka. N'cifukwa cake mayi amangodzudzula telala kuti diresi lapendekeka, osadziwa kuti phewa limodzi lakwera.

Khasu, mtsuko wa madzi kapena cola ca mabuku sizimene zimayambitsa. Si ufitinso ai. Mwa ana ambiri ngakhale madokotala sapeza gwero lake.

Kuyesa n'kwaulere. Mwana aweramire kutsogolo, manja ali lende, inu muime kumbuyo kwake. Nthiti za mbali imodzi zikatumphuka kuposa zinzake, pitani ku kiliniki mukatenge kalata ya ku Kabwe Central Hospital kuti akamujambule X-ray.

Si aliyense amafika pa opaleshoni. Msana ukakhota madigiri 25 mpaka 40 mwana akali kukula, amamuveka covala colimba cogwira thupi. Kafukufuku wa ku America ndi Canada wa 2013 anapeza kuti mwa ana 100 ovala, 72 sanafike pofunika mpeni, pamene mwa osavala anali 48 cabe. Ukafika madigiri 50, madokotala amakamba za kuika zitsulo.

Apa ndi pomwe ambiri timathawa, ati mwana adzalemala. Ngozi ilipo, tisanamizane: cilonda cikhoza kutukusira, ndipo mitsempha ikhoza kuvulala, ngakhale izi zimacitika mwa apo ndi apo. Mbali yomangidwayo sipindikanso. Koma ana ambiri amaimirira patangopita masiku ocepa, amabwerera ku sukulu pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo atsikana amadzabereka bwinobwino. Woopsa ndi msana wosiyidwa mpaka linunda litakhwima, cifukwa umapanikiza mapapo ndipo opaleshoni yake imakhala yaitali ndi yovuta.

Akatswiri a mafupa ambiri ali ku Lusaka, makilomita pafupifupi 140: ku UTH ndi ku Beit CURE, cipatala ca ana comwe cinatsegulidwa mu 2006 ndipo sicilipiritsa opaleshoni. Cotsala ndi ya basi ndi ya cakudya ca womudikirira. Mipingo yathu imasonkha msanga ya bokosi la maliro. Komiti ya parishi ikakhala mwezi uno, iikeko padera ya ulendo wa mwana wotere, asanathe msinkhu wovala cogwira thupi cija.